Chaka chimodzi ndi Canon 5D Mark II yogula kwa munthu

Ndimajambula pa maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Lilongwe. Chaka chatha ndinagula Canon EOS 5D Mark II kwa mnzanga amene anasiya ntchitoyi, ndipo anzanga ojambula akhala akundifunsa ngati kamera yotuluka mu 2008 n'kuitayira ndalama lero. Ine sindinong'oneza bondo, koma si aliyense amene ingamuyanje.

Chomwe ndinagulira ndi sensa, kachipangizo ka m'kati mwa kamera kamene kamalandira kuwala n'kupanga chithunzi. Ndi ya 36 x 24 mm, yofanana kukula ndi filimu ya 35mm ija ankagwiritsa ntchito ojambula akale, ndipo ili ndi ma megapixel 21. Mphamvu yake mumaiona mukalowa m'tchalitchi. Abusa ambiri safuna flash nthawi ya malumbiro, ndipo nyengo ya mvula m'katimo mumakhala mdima ngakhale masana. Kamera yanga yakale, ya sensa yaing'ono, ikafika pa ISO 1600 (ISO ndi nambala imene timakweza kuti kamera ijambule mumdima) nkhope zinkatuluka ngati zowazidwa mchenga. Iyi ndimakweza mpaka 3200 mtima uli m'malo, khungu la mkwatibwi limatuluka mmene lilili, mitundu ya zitenje za ankhoswe osasokonekera. Ndikamangapo lens ya 50mm f/1.8, yotchipa ija, zakumbuyo zonse zimasungunuka, n'kutsala nkhope yokha. Zithunzi zotere ndi zimene makasitomala amasankha kuti tiwakulitsire zokapachika pabalaza.

Pa lens pomwepa ndi pamene ndinalakwitsa ndekha. Ndinkaganiza kuti lens yanga ya EF-S 18-55mm ilowa, osadziwa kuti ma lens olembedwa EF-S samangika pa kamera ya full-frame, ya sensa yaikulu ngati iyi. Ndinatha miyezi iwiri ndi 50mm yokhayo, kumabwerera m'mbuyo mpaka kugunda khoma kuti banja lonse likwane. Musanalipire, yang'anani kaye zolembedwa pa ma lens anu. Ndalama zambiri zimathera kumeneko, osati pa kamerayo.

Ukalamba wake umaonekera pa perekaniperekani. Ili ndi madontho 9 okha a focus, olozera pamene mukufuna kuti paoneke bwino, ndipo lodalirika mumdima ndi lapakati. Imajambula zithunzi zosakwana zinayi pa sekondi, ndipo anthu akavina mothamanga, zina zimatuluka zosaoneka bwino. Ndinazolowera kuloza ndi dontho lapakatilo, kenako n'kusuntha kamera. Wojambula mpira kapena netball asavutike nayo. Ya vidiyo nayonso ayi: imajambula 1080p, koma focus siitsata munthu yokha, ndipo pakatha mphindi pafupifupi 12 imadula.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi khadi losungira zithunzi. Imalandira CompactFlash, pomwe m'mashopu ambiri mumapezeka SD, ndipo malo oika khadi ndi amodzi basi. Ukwati sabwereza. Khadi litafa, mungakawauze chiyani eni ake? N'chifukwa chake ndimayenda ndi makhadi ang'onoang'ono angapo, la kutchalitchi palokha, la kuholo palokha. Ilibenso Wi-Fi, ndiye amene amafuna chithunzi pa WhatsApp pompopompo amadikira ndikafike pa kompyuta. Flash yapamutu ilibe, mugule yapadera. Batire yake, LP-E6, siivuta kupeza poti makamera ambiri a Canon otuluka pambuyo pake amagwiritsanso ntchito yomweyo, ndipo awiri amandikwanira tsiku lonse ngakhale magetsi atazima dzulo lake. Kulemera ndiye imalemera, yokha ndi magalamu oposa 800, madzulo khosi limakhala litamva.

Pogula, funsani shutter count, nambala yosonyeza kuti kamerayo yajambula kangati. Shutter ya kamerayi anaipanga kuti itseke ka 150,000, ndipo shutter count simungaipeze pa menu, mpaka mulumikize ku kompyuta. Wogulitsa akakana kuti muone, musiyeni. Jambulani khoma loyera pa f/16 kuti fumbi la pa sensa lionekere. Unikaninso ndi tochi m'malo olowa khadi, chifukwa muli timawaya tating'ono tomwe kamodzi kakapindika, kamera siiwerenganso khadi.

Amene ndalama zikuwalola ayang'anenso 6D ya 2012, yomwe imalandira SD ndipo ili ndi Wi-Fi. Ine ndikusungira 5D Mark III, ya chaka chomwecho, chifukwa ili ndi madontho 61 a focus ndi malo awiri a khadi. Ikabwera, iyi sindigulitsa, idzakhala paphewa linalo ndi 50mm yake.