Kuigawa kampani kapena kuiyang'anira: njira ziwiri zomwe America inayesa

Makampani atakula mpaka kuopseza boma, America inagawa Standard Oil, kampani ya mafuta ya Rockefeller, kukhala makampani 34 mu 1911. A njanji inangowaikira bungwe lowayang'anira, ICC, mu 1887.

Nthawi: mlandu wa Standard Oil unatenga zaka pafupifupi 5, ICC inalibe mphamvu zenizeni mpaka 1906, italoledwa kuika malire a mtengo wonyamulira katundu.

Ndalama: kugawa n'kulipira maloya mpaka mlandu uthe; kuyang'anira n'kulipira antchito chaka n'chaka.

Kukhalitsa: apa kugawa kumakhumudwitsa. Rockefeller analemereratu masheya atakwera, ndipo Exxon ndi Mobil, makampani ochokera m'kugawa kuja, anadzaphatikizananso mu 1999.

Kugawa kumayenera malonda omwe ambiri angapikisane, monga mafuta. Kudera la njanji imodzi yokha, mlimi wonyamulitsa tirigu amadalira woyang'anira.