Digiri ya jiyoloje ndi ngongole yake: zimene ndaona patatha miyezi 18

Miyezi 18 yapitayo, nditangolandira malipiro anga oyamba, ndinalemba kuti maphunziro a sayansi ya miyala ndi nthaka, amene timangowatchula kuti jiyoloje, ndi oyenera kuwatengera ngongole popanda mantha, chifukwa nthawi imeneyo nkhani ya migodi inali m'kamwa mwa aliyense. Mawu amenewo sindikuwabweza onse, koma pali mbali imene ndinaiweruza ndisanaione bwino.

Chimene chinandikopa sichinali bodza. Ku Kasiya m'boma la Lilongwe kampani ya Sovereign Metals ikugwira ntchito pa miyala ya mtengo wapatali ya rutile ndi graphite, ku Kangankunde m'boma la Balaka kuli Lindian Resources, ndipo ku phiri la Songwe ku Phalombe kuli Mkango Resources. Komabe phunziro lenileni linali ku Kayelekera m'boma la Karonga, kumene mgodi wa uranium unaima mu 2014 mtengo utagwa pa msika wa kunja, n'kudzayambiranso mu 2025 uli m'manja mwa Lotus Resources. Zaka 11 zimenezo zikusonyeza kuti ntchito yathu imatsegulidwa ndi kutsekedwa ndi anthu amene sanapondepo pa malo amene tikukumbawo.

Ine ndinalembedwa kwa miyezi 6 ndi kampani ina yaing'ono yofufuza miyala, imene sili pakati pa amene ndatchulawa. Tsiku lonse ndinkakhala m'shedi yofolera malata, nditawerama pa mabokosi a core, miyala yobulungira yaitali imene makina amatulutsa akaboola pansi, kuyeza ndi tepi, kunyowetsa mwala ndi madzi kuti maonekedwe ake atuluke, kuupenda ndi kagalasi kokulitsira ndi kulemba zonse pa fomu mita ndi mita. Malipiro anali abwino poyerekeza ndi a anzanga amene anapita kokaphunzitsa, makamaka chifukwa cha alawansi ya kumudzi komanso chakudya ndi pogona zimene sindinkalipira. Mvula itayamba mu December misewu inakhala matope okhaokha, makina okumbira anachotsedwa, ndipo kontrakiti yanga sinaonjezeredwe. Ndinakhala miyezi 4 wopanda cholowa, ndipo ndalama zimene ndinkaziyesa zambiri zija, nditazigawa pa miyezi 10 m'malo mwa 6, zinangofanana ndi za mphunzitsi uja.

Apa ndi pamene ngongole inandionetsa kulemera kwake. Ndinaphunzira ndi ndalama za Higher Education Students' Loans and Grants Board, bungwe la boma lokongoza ophunzira limene linakhazikitsidwa ndi lamulo mu 2015, ndipo popanda thandizo limenelo sindikanaponda ku yunivesite. Kwa munthu wa ntchito yokhazikika kubweza n'kosavuta, popeza ndalama imadulidwa ku malipiro iye asanaigwire n'komwe. Kwa ife a makontrakiti aafupi, munthu ayenera kudziletsa yekha, kuika padera nthawi ya chilimwe ndalama yodzabweza nthawi ya dzinja, chinthu chimene ine sindinachite chaka choyamba. Kuonjezera apo, kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, lendi, thiransipoti ndi thumba la chimanga zinakwera mofulumira, moti chotsala m'thumba mwezi ukatha chinachepa ngakhale ngongoleyo inali yomweyo.

Chimene sindinachitchule n'komwe poyamba paja ndicho chandisunga: madzi. Phunziro la madzi a pansi pa nthaka ndinkalitenga ngati lodzazira malo, koma ndilo linandipezera ganyu kwa kontrakitala wina wokumba mijigo. Mbali yaikulu ya dziko lathu ili pa thanthwe lakale lolimba, ndipo madzi amapezeka m'mwala wofumbutuka wa pamwamba ndi m'ming'alu, choncho kusankha malo si nkhani yolota. Pa mudzi wina amfumu ankafunitsitsa kuti mjigo ukhale pafupi ndi bwalo lawo, pamene miyezo ya resistivity, yopima mmene magetsi amadutsira m'nthaka, inkaloza kumunsi, chakufupi ndi dambo. Tinakambirana mpaka dzuwa kupendeka, iwo anavomera monyinyirika, ndipo makina ataboola madzi anatuluka okwanira. Ganyu wotere salipira ngati wa migodi, koma amabwera kawirikawiri, chifukwa kusowa kwa madzi sikudikira mtengo wa uranium.

Ntchito za boma, monga ku Geological Survey Department ku Zomba, zili ndi ubwino wa malipiro a mwezi ndi mwezi ndi penshoni, kungoti malo ake sapezeka chaka chilichonse.

Mng'ono wanga atandifunsa ngati atenge ngongole pa maphunziro omwewa, ndinamuuza kuti atenge, koma asanyoze phunziro la madzi, aphunzire kujambula mapu pa kompyuta ndi pulogalamu ya QGIS asanamalize, ndipo malipiro alionse a kontrakiti aziwagawa pa miyezi 12 asanagule foni yatsopano. Ine pakali pano ndasaina kontrakiti ina ya miyezi 5 yofufuza miyala, ndipo gawo la ngongole la January mpaka April ndaliika kale ku akaunti imene ndilibe khadi lake.