Try It Online, woweruza wa mipikisano yathu ya Loweruka ku Dedza

Loweruka lililonse masana ana asanu ndi awiri amandipeza m'chipinda cha makompyuta pasukulu yomwe ndimaphunzitsa masamu, chakunjira ya ku Bembeke kuno. Makompyuta amoyo alipo atatu. Masewera athu ndi oti ndimapereka kantchito kamodzi, aliyense alembe pulogalamu yochita kantchitoko ndi zizindikiro zochepetsetsa, m'chiyankhulo cha kompyuta chachilendo ndiponso chosautsa kulemba. Wopambana amapita ndi chipisi cha kachewere chomwe ndimagula pamsika.

Poyamba mpikisano uliwonse unkathera m'mkangano. Tinkawerenga zizindikiro pakope ndi chala, wina n'kupeza 31, mnzake 33, ndipo panalibe wotsimikiza ngati pulogalamuyo ikugwiradi ntchito. Zinasintha titayamba kugwiritsa ntchito Try It Online, imene mumaipeza mukalemba tio.run pafoni kapena pakompyuta. Anaipanga ndi Dennis Mitchell. Ndi yaulere, sifuna kulembetsa dzina, ndipo muli ziyankhulo zoposa 600. Mumasankha chiyankhulo, kulemba pulogalamu m'bokosi la Code, kudina batani, yankho n'kutuluka m'munsi. Pambali pa bokosilo imakuuzani kuti mwalemba mabayiti angati, ndipo pamasewera athuwa bayiti imodzi ndi chizindikiro chimodzi. Kanambala kameneko ndi kamene kanathetsa mikangano yathu, poti palibe mwana anganene kuti makina akukondera mnzake.

Chiyankhulo chomwe timaseweretsa kwambiri anachipanga Urban Müller mu 1993. Dzina lake ndi chitukwano m'Chingerezi, choncho m'kalasi timangoti BF. Mukamachifufuza lembani "brain", chituluka. Chili ndi zizindikiro zisanu ndi zitatu zokha: > < + - . , [ ]. Ganizani za mzere wautali wa maenje ngati a bawo. Chizindikiro cha + chikuponya nyemba imodzi m'dzenje lomwe mwaimapo, cha - chikuchotsa imodzi, > ndi < zikukusunthani kupita dzenje lakumanja kapena lakumanzere. Kadontho kamasindikiza chilembo chogwirizana ndi kuchuluka kwa nyemba, ndipo zomwe zili pakati pa [ ndi ] zimabwerezedwa mpaka dzenjelo litauma.

Tsiku lomwe sindidzaliiwala linali la mu June, kuzizira kwa kuno kuja koti zala zimakanika kugwira choko. Ndinati asindikize chilembo A, chimene nambala yake ndi 65. Mnyamata wina analemba + ka 65 n'kuika kadontho: mabayiti 66. Zinagwira. Awiri ena anakumbukira kuti 8 kuchulukitsa ndi 8 ndi 64, nalemba ++++++++[>++++++++<-]>+. zomwe ndi mabayiti 24, ndipo ine ndinaona ngati mpikisano watha. Mtsikana wa Fomu 3 amene sayankhulayankhula anali chete pakona, akuyesayesa zake pafoni yanga. Kenako anati, "Madamu, ndikachotsa nyemba m'dzenje lopanda kanthu, makinawa sakukana ayi." Ananena zoona. Dzenje lililonse limasunga kuyambira 0 kufika 255, ndiye mukachotsa imodzi pa 0 mumagwera pa 255. Iye anachotsa zinayi n'kufika pa 252, nagawa zinayizinayi n'kupeza 63, nawonjezera ziwiri. Pulogalamu yake inali ----[---->+<]>++. ndipo makina anawerenga mabayiti 17. A anatuluka. Anyamata aja anaimirira onse kudzasuzumira pafoni, wina mpaka kugwira pakamwa. Zimenezi sindinamuphunzitse ine. Anazipeza yekha chifukwa anali ndi poyesera kambirimbiri popanda womuseka akalakwa.

China chomwe ndimayamikira ndi batani la linki. Pulogalamu yonse imalowa m'linkimo, moti mwana amanditumizira kuchokera kwawo ndipo ndikatsegula ndimaipeza monga anailembera. Pa chiyankhulo cha Whitespace, cha Edwin Brady ndi Chris Morris cha mu 2003, izi n'zofunika kwambiri, chifukwa pulogalamu yake ndi mipata yokhayokha, ma tab (mipata yaikulu ya batani la Tab) ndi mizere yatsopano, pepala limaoneka loyera. Komabe chimenechi tinachisiya msanga: kiyibodi ya pafoni yanga ilibe tab. Bando nayo sidyeka kwambiri poti zonse ndi malemba, mulibe makanema.

Aphunzitsi anzanga mudziwiretu zinthu ziwiri. Mapulogalamu amayendera pa makina a Try It Online kutali, osati pafoni yanu, ndiye netiweki ikathawa, monga imachitira kuno nkhungu ikakuta phiri, masewera aima. Ndiponso pulogalamu imapatsidwa masekondi 60 basi. Mwana akaiwala - mkati mwa [ ], dzenje siliuma, ndipo amadikira mphindi yathunthu kuti auzidwe kuti nthawi yatha. Malire amenewa ndi oyenera pa chinthu chaulere chimene anthu a dziko lonse akugawana, koma mwana sakuona kuti walakwitsa pati, chifukwa chimene chimaoneka ndi yankho lokha, osati mmene nyemba zikuyendera. Pachifukwa chimenechi ndimasunga thireyi ya mazira ndi kapu ya nyemba m'kabati. Tisanakhudze makina, pulogalamu iliyonse imayamba yayenda pathireyipo: wina akuwerenga zizindikiro mokweza, wina akusuntha chala, wachitatu akuponya ndi kutola nyemba. Magetsi akazima timapitiriza momwemo. Amaphunzirira pamenepo, makina amangobwera kudzagamula.

Ziyankhulo zina timangozilawa. Befunge ya Chris Pressey, ya mu 1993, ana amaikonda chifukwa pulogalamu imayenda kumanja, kumanzere, m'mwamba ndi pansi pa bwalo la zizindikiro 80 m'litali ndi mizere 25. INTERCAL, ya Don Woods ndi James Lyon ya mu 1972, imakana pulogalamu ngati simunalembe PLEASE mokwanira, imakananso mukachulutsa. Ana sanavutike kumvetsa, poti kwathu kuno wopempha mopanda ulemu samupatsa, ndipo wochulutsa "chonde" amamukayikira. Malbolge yokha ndinawaletsa kuiika pampikisano. Ben Olmstead anaitulutsa mu 1998, ndipo panapita zaka ziwiri pulogalamu yake yoyamba isanapezeke. Itapezeka, sanailembe ndi manja munthu, anaifufuza ndi pulogalamu ina ya Andrew Cooke. Mwana amene wangoyamba kukhulupirira kuti angathe, simumupatsa chimenecho, angagwe ulesi.

Makolo ena amafunsa kuti bwanji osangowaphunzitsa Python, yomwe ingawapezetse ntchito. Python ilimonso mu Try It Online, ndipo timaigwira Lachitatu. Koma ndaona kuti amene anasunthapo nyemba pathireyi savutika ndikamafotokoza za kubwereza malamulo ndi kusunga manambala, amakhala ataziona kale ndi maso. Mtsikana uja ndiye akukonza funso la Loweruka likubwerali. Wandiuza kuti n'losindikiza dzina loti DEDZA, ndipo wapempha kuti thireyi akagone nayo kwawo.