Makapu, bulangete ndi thireyi za mahatchi zomwe ndinagula ku Crown Mines

Kwathu ku Dedza hatchi tinkangoiona m'mabuku a kusukulu, n'kumamva kuti pamwamba pa phiri la Zomba alendo amakwera. Yamoyo ndinadzaiona kuno ku Joni. Ndimakhala ku Rosettenville, kufupi ndi bwalo la mpikisano wa mahatchi la Turffontein lomwe lakhalapo kuyambira 1887, ndipo Loweruka lina mnzanga ananditenga kuti tikaonerere. Nditaima kumpanda, pansi panagwedezeka mahatchi akudutsa, thukuta lili nyezinyezi m'khosi mwawo. Kuyambira tsikulo chilichonse chojambulidwa hatchi chimandikoka mtima.

Ndiye mu June, kuzizira kutafika povuta, ndinapita ku Crown Mines, dera la masitolo ambiri kuno ku Joni, kukafuna bulangete. M'sitolo ina ya ziwiya zapakhomo ndinatulukamo ndi bulangete, makapu adothi asanu ndi limodzi ndiponso thireyi, zonse za mahatchi.

Makapu ndiwo andisangalatsa kwambiri. Mnyamata wogulitsa, Mmalawi mnzanga wa ku Mangochi, atamva ndikuyankhula Chichewa pafoni anandiyandikira. “Achemwali, musanasankhe pitsani chikhadabo pa chithunzipo. Mukamva kakhonde, chimenecho anachita kumata pamwamba.” Ndinayesa mitundu iwiri. Wotchipa uja chikhadabo chinkakodwa m'mbali mwa chithunzi, pomwe winawo unali see, hatchi ili mkati mwa kunyezimira kwa kapu. Ndinatenga wachiwiriwo ngakhale unali wokwererako mtengo. Miyezi inayi yatha tikumwera tiyi m'mawa uliwonse, hatchi yofiirira ija ikadali momwe inalili, ndi kachizindikiro koyera pamphumi. Wojambulayo hatchi amaidziwa ndithu: makutu atchereka kutsogolo, mphuno zatseguka ngati za zija ndinaona zikumaliza mpikisano. Chogwirira nachonso n'chachikulu, zala za bambo a kunyumba zimalowa bwinobwino.

Bulangete ndi lija lolemera, la nsalu ziwiri zophatikiza, pali mahatchi atatu akuthamanga. Limafunda kwabasi, moti hita tinasiya kuyatsa usiku. Pochapa koyamba linatulutsa mtundu pang'ono, choncho lichapeni palokha ndi madzi ozizira, ndipo musankhe tsiku ladzuwa chifukwa limachedwa kuuma.

Thireyi yokha ndiyo yandikhumudwitsa. Patangotha masabata atatu ndinaikapo ketulo yotentha, chithunzi n'kutukusira ngati chithuza, kenaka chinayamba kusendeka kuyambira kumchira wa hatchi. Zinandiwawa chifukwa ndinkafuna izikhala ya alendo. Nditabwerera nayo anandiuza kuti katundu wogwiritsidwa kale ntchito sabweza. Cholakwa changa n'chakuti ndinaigula ili m'pulasitiki osaiyesa ndi chikhadabo monga ndinachitira ndi makapu.

Sabata yatha ndinakagulanso makapu ena amtundu womwewo kuti ndiwatumizire amayi. Ndawakulunga limodzilimodzi m'nyuzipepala n'kuwalowetsa pakati pa bulangete lina latsopano, chifukwa katundu wodutsa pa Beitbridge ndi ku Tete amaponyedwa kwambiri. Nditawatumizira chithunzi pa WhatsApp, amayi anandifunsa kuti, “Mwanawe, abulu amenewa bwanji ndi aatali miyendo chonchi?” Ndawalonjeza kuti tsiku lomwe adzabwere kudzationa, ndidzawatengera ku Turffontein akaone okha.