Arduino Uno ndi ESP32: Imene Imaulula Vuto ndi Imene Imapirira

Kuno ku Zomba, munthu akapsereza bolodi la loboti yake, kawirikawiri amadikira wopita ku Blantyre kapena katundu woitanitsa kunja. N'chifukwa chake posankha pakati pa Arduino Uno ndi ESP32, mabolodi awiri oyendetsera loboti, sindilabadira kwenikweni liwiro, ngakhale kuti 16 MHz ya Uno ndi yochepetsetsa pafupi ndi 240 MHz ya ESP32. Chimene ndimayang'ana ndi khalidwe la iliyonse zinthu zikasokonekera.

Uno ikakana kulandira pulogalamu, pakompyuta pamatuluka mawu akuti "programmer is not responding", ndipo zoyambitsa zake ndi zowerengeka: mwasankha port (khomo la pakompyuta lolumikizirapo bolodi) yolakwika, dalaivala wa CH340 (pulogalamu yothandiza kompyuta kuzindikira bolodi) amene mabolodi otchipa amafuna palibe, kapena mwasiya mawaya a Bluetooth pa mapini 0 ndi 1, omwenso USB imadutsirapo. Chimene chimandipweteka ndi kusalankhula kwake. SRAM yake, malo osungiramo zinthu pulogalamu ikamayenda, ndi ya 2 KB yokha, ndipo ikadzaza, loboti imangoima kapena kuyambiranso popanda uthenga uliwonse. Ndinatayapo masiku awiri ndikusintha mawaya abwinobwino, pamene olakwa anali mawu ataliatali amene ndinkatumiza ku Serial Monitor (zenera la pakompyuta loonetsa mauthenga a bolodi) osawaika mu F(), lamulo limene limawaletsa kudya malo mu SRAM.

ESP32 ndiye siibisa. Mukatsegula Serial Monitor pa 115200, imakuuzani yokha kuti "Brownout detector was triggered", kutanthauza kuti magetsi atsika, mwina chifukwa mamota akumwera pa batire limodzi ndi bolodi kapena chingwe cha USB ndi chofooka. Pulogalamu ikagwa imalemba "Guru Meditation Error" pamodzi ndi manambala okulondolerani pamzere wolakwika. Koma thupi lake ndi lofewa, pakuti mapini ake ndi a mavolti 3.3, pamene pini ya echo ya HC-SR04, sensa yoyezera mtunda, imatulutsa mavolti 5, motero pamafunika maresistala awiri otsitsa mphamvuyo musanalumikize. Palinso msampha wina wobisika: WiFi ikayaka, mapini a gulu lotchedwa ADC2 amaleka kuwerenga masensa, ndipo wosadziwa amataya sensa yamoyo.

Ophunzira amene akungoyamba ndimawapatsa Uno R3 ya chipu chochotseka, chifukwa ATmega328P ikapsa amangoizula pasoketi n'kuikapo ina, bolodi n'kutsala. ESP32 ndimawapatsa akazolowera kuyeza mavolti ndi multimeter asanalumikize waya aliyense, komanso akasiya kuiwala kulumikiza GND (waya wa negativi) ya mamota ndi ya bolodi.