Ndemanga: mapuleti a klatchi a CG125 ya m'ma 1990 pa njinga yanga ya 1982

Ndikupereka nyenyezi 4 mwa 5. Zinayizo ndi za amakaniko a ku Chinamwali amene anandigwirira ntchito. Yachisanuyo yatsalira kusitolo kumene ndinagula basiketi ya klatchi, chitsulo chonga mbale chimene mumakhala mapuleti a klatchi.

Njinga yanga ndi Honda CG125 ya 1982 yomwe anandisiyira malume. A Honda anatulutsa mtundu umenewu mu 1975 poganizira mayiko ngati athu ano, kumene anthu amachedwa kusintha oyilo, ndipo n'chifukwa chake mavalavu ake amakankhidwa ndi timitengo tachitsulo totchedwa ma pushrod, osati tcheni. Injiniyi mpaka lero imalira bwino. Chimene chinatha ndi klatchi. Kuchoka ku Matawale kupita m'tauni vuto silinkaoneka kwenikweni, koma ndikangoyamba chikweza cha ku Ku Chawe, injini inkangokuwa njinga osasuntha monga ikuyenera, makamaka ndikanyamula munthu.

Masipeya a njinga ya 1982 kuno sapezeka. Amene ndinapeza ndi mapuleti ndi masipuling'i olembedwa kuti ndi a CG125 ya m'ma 1990, komanso basiketi yomwe wogulitsa ananditsimikizira kuti "CG ndi CG basi, ilowa."

Chimene ndawayamikira amakanikowa n'chakuti sanathamangire kumanga. Atakhetsa oyilo n'kutsegula kavala ya kumanja, anayamba achotsa kafyuluta kozungulira kamene kamatchinga basiketi. Nati yake imafuna soketi yapadera ya mano anayi, ndipo iwo anali nayo. Ambiri amangoigogoda ndi tchizulo mpaka kuiwononga. Kenako anayala katoni pansi, zakale mbali iyi, zatsopano mbali inayo, n'kuyamba kuyerekeza chimodzichimodzi.

Mapuleti anafanana ndithu, m'lifupi ngakhale timakutu take. Akalewo anali atada bii, akununkha kupserera, ena osalala ngati sanakhalepo ndi kanthu. Mapuleti achitsulo, omwe amakhala pakati pa enawo, anawagoneka pa galasi kuti aone ngati apindika. Masipuling'i onse anayi anawayeza ndi veniya, kachipangizo koyezera kutalika kwa tizitsulo, ndipo akalewo anali atafupika poyerekeza ndi atsopano. Pamenepa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake kukunga kebulo ya klatchi kokha sikunkathandiza.

Nkhani inali pa basiketi. Poiona ndi maso inali yomweyo. Koma bambowa anatenga choko, n'kulemba dzino limodzi la giya ya pa basiketiyo, n'kuyamba kuwerenga mozungulira. Yanga yakale inali ndi mano 73. Yogulayo inali ndi 70, kutanthauza kuti ndi ya injini zazikulupo, zomwe kagiya kake ka pa kirankishafuti n'kosiyana. "Achimwene, iyi tikaikakamiza mudya magiya onse awiri, mwina musanafike ndi ku Thondwe komwe," anatero. Ndinawafunsa ngati tingasinthe ndi kagiyako. Anati amene amatero alipo, koma njinga ya 125 imataya mphamvu pokwera, ndipo kwa munthu wokhala m'tsinde mwa phiri ngati ine palibe phindu.

Choncho anabwezeramo basiketi yakale. Zala zake zinali ndi timabala tomwe mapuleti anakumba pa zaka zonsezi, ndipo iwo anatisalaza pang'onopang'ono ndi fayilo, akundichenjeza kuti ukadyetsa kwambiri klatchi imayamba kugogoda. Mapuleti atsopano anawaviika kaye mu oyilo asanawalowetse, anaika gasiketi yatsopano osati silikoni, ndipo anakana oyilo wa galimoto amene ndinali naye kunyumba. Klatchi ya njinga imeneyi imasambira mu oyilo wa injini, ndiye oyilo wina wa galimoto amaichititsa kuterereka. Anandiuza kuti ndizigula wolembedwa JASO MA pabotolo.

Tsopano chikweza cha ku Ku Chawe ndikukwera ndili ndi mayi akunyumba kumbuyo popanda injini kukuwa, ndipo nyutulo ikupezeka mosavuta ngakhale injini itatentha. Chogwirira cha klatchi chalimbako kusiyana ndi kale chifukwa cha masipuling'i atsopanowo, moti m'chipwirikiti cha pa msika dzanja limatopa, koma zimenezo ndazilandira. Ndalama imene anandilipiritsa siinali yoboola m'thumba poona nthawi imene anataya poyeza zinthu.

Kusitolo kuja zinandipweteka mtima. Nditabweza basiketi, anati katundu akatuluka sabwerera, chonsecho ndi iwo amene ananditsimikizira kuti ilowa, ndipo pabokosi panalibe chaka kapena kukula kwa injini. Ngati muli ndi CG yakale ndipo mukufuna kuikamo zida za zaka zina, mapuleti ndi masipuling'i kwa ine zagwira, koma basiketi pitani nayo yakaleyo m'thumba ndipo muwerengere mano pa kauntala pomwepo musanatulutse ndalama.