Nkhaka za m'botolo kuno ku Joni: za viniga m'furiji, zosasitsa ndi mchere, kapena zowiritsa?

Nkhaka zowawasa za m'botolo, zija pa mashelefu a Shoprite ndi Pick n Pay amazilemba kuti gherkins, ambirife tinazidziwira kuno ku Joni. Kwathu nkhaka timangosenda n'kudya, zipwete chimodzimodzi, ndipo ukakamba za chowawasa chosunga m'botolo aliyense amaganiza za achali ya mango. Koma ukangozolowera kuziika m'buledi wopita naye kuntchito, kapena pambali pa nyama yootcha Lamlungu, mtima umayamba kuzifuna. Vuto n'lakuti zambiri za m'sitolo shuga amachita kunyanya, adyo sumumva n'komwe, ndipo kabotolo kake sikachedwa kutha. Za adyo ndi kamasamba konunkhira kotchedwa dill, zopanda kutsekemera kuja, n'kwabwino kudzipangira wekha.

Opanga nkhakazi amakangana pa njira zitatu. Ena amathira viniga n'kuika botolo m'furiji. Ena viniga safuna kumumva, amati nkhaka zisase zokha m'madzi a mchere. Enanso amawiritsa mabotolo otseka kuti akhale pashelefu miyezi yambiri. Ine maganizo anga ndiwaneneretu: kwa munthu wokhala pa lendi ku Rosettenville, ku Yeoville kapena ku Cosmo City, wochoka m'mamawa n'kubwera kutada, njira ya furiji ndiye yake. Zinazo zili ndi eni ake, ndipo tiwapeza.

Ya furiji ntchito yake ndi yochepa kwambiri. Pa botolo la lita imodzi pamafunika nkhaka zokwana theka la kilogalamu kapena kupitirira pang'ono, kapu imodzi ya viniga woyera, kapu imodzi ya madzi, supuni yaikulu imodzi ya mchere, timagawo 4 ta adyo tosenda n'kuphwanya ndi mpeni, ndi kamtolo ka dill. Kapu ndikunenayi ndi ija ya mamililita 250. Shuga mukafuna, kasupuni kakang'ono kamodzi n'kokwana. Ntchito yake n'kungoziziritsa ukali wa viniga, osati kutsekemeretsa. Adyo ndi dill zipite pansi, nkhaka muzipanikize mothina kuti zisayandame, kenako thirani madzi a viniga aja mpaka zonse zimire. Tsekani, ikani m'furiji. Zoduladula mozungulira zimayamba kukoma mawa lake, zong'amba m'litali zimafuna masiku 2 kapena 3, zathunthu zipatseni sabata. Zimakhala bwino pafupifupi mwezi, ngakhale kuti m'nyumba ya ana sizifikako.

Chimene sindingalole kuti munthu asinthe ndi muyeso wa viniga ndi madzi. Theka kwa theka, ndipo viniga akhale wolembedwa 5% pabotolo. Alipo amene amachepetsa viniga kuti asunge ndalama, n'kuthira madzi ambiri. Zotsatira zake ndi nkhaka zozizira m'kamwa zosachedwa kuonongeka, chifukwa nkhakayo nayonso imatulutsa madzi ake n'kusukulutsanso viniga uja. Viniga wofiirira amene timathira pa tchipisi amagwira ntchito, kungoti nkhaka zimada. Wa maapozi amakoma mofatsa koma mtengo wake ndi wina. Ine woyera wamba, wa Safari kapena wina aliyense wa 5%, amandikwanira.

M'kati mwa njira yomweyi mulinso kamkangano kena: madzi a viniga athiridwe otentha kapena ozizira? Otentha amalowa msanga, moti zozungulira zopyapyala mutha kudya madzulo a tsiku lomwelo, koma nkhaka zimafewako ndipo kubiriwira kwake kumazilala nthawi yomweyo. Ozizira amachedwa, koma nkhaka imalira pakamwa ukailuma. Apa ine ndili kumbali ya ozizira. Ndimatenthetsa madzi okha kuti mchere usungunuke, ndikawaphula n'kuthiramo viniga, n'kudikira kuti azizire. Ngati mwasankha kuwiritsa zonse pamodzi, musachitire m'poto wa aluminiyamu, uja timaphikira nsima. Viniga amadya aluminiyamu, poto amachita mawanga, madzinso amatenga fungo la chitsulo. Poto wa sitilo kapena wa enamelo ndiye woyenera.

Komabe chimene chimagamula mlandu, kuposa njira iliyonse, ndi nkhaka yeniyeniyo. Nkhaka yofala m'masitolo muno ndi ija yaitali yokutidwa ndi pulasitiki. Ndi yabwino pa saladi, koma m'botolo ndi yamadzi kwambiri: patatha masiku ochepa pakati pake pamalobodoka. Ngati ndi yokhayo imene mwapeza, iduleni mokhuthala ngati chala, kapena muing'ambe n'kupala nthangala ndi supuni, ndipo mudye msanga. Zoyenera ndi zing'onozing'ono zija amagulitsa m'timapaketi ku Food Lover's Market, Checkers kapena Woolworths, zolimba mukazifinya, zopanda makwinya kunsonga. Amene ali ndi mnzawo wopikula masamba ku msika waukulu wa ku City Deep, amutume. Nkhaka imene yangofika kumene kuchokera kumunda siifanana ndi yoti yagona sabata pashelefu. Musanaziike m'botolo, ziviikeni m'madzi ozizira kwambiri kwa ola limodzi, kenako dulani kansonga ka kumene kunali duwa, osati ka kuphesi kokha ayi. Kansonga kameneko kamakhala ndi zinthu zofewetsa nkhaka yonse. Ukasokonezeka kuti mbali yake ndi iti, dula konsekonse.

Dill ndi kamasamba konunkhira, kowonda ngati ulusi, kooneka ngati masamba a karoti koma kosalala. Wamuwisi amapezeka m'timapaketi pamalo a masamba onunkhira, kungoti si tsiku lililonse, ndipo akagona masiku angapo m'furiji amanyala. Nthangala zake zouma, zimene mungafunse m'masitolo a zonunkhiritsa a amwenye ku Fordsburg, zimasungika nthawi yaitali ndipo fungo lake ndi lamphamvu kuposa masamba. Kasupuni kakang'ono kamodzi kapena kawiri pa botolo n'kokwana. Pa nkhaka za m'furiji masamba amapambana, chifukwa fungo lawo limatuluka msanga m'madzi ozizira. Pa zowiritsa nthangala ndiye zimapirira moto. Wouma wopera uja wa m'tibotolo ndi wotsiriza pa onse, amangoyandama n'kumamatira kumano. Amene ali ndi kakhonde, dill amamera ngakhale m'chidebe, ndipo akachita maluwa musadandaule, mutu wa maluwawo ndiwo umakometsa botolo kwambiri.

Adyo akhale wosenda nokha. Wopera wa m'timakontena uja amadetsa madzi ndipo fungo lake limakhala lakale. Mukadzaona adyo wasanduka wobiriwira kapena wa buluu m'botolo, musataye poganiza kuti mwina wina wakuchitani chipongwe m'furiji. Ndi mmene adyo amachitira nthawi zina akakumana ndi zowawasa, alibe vuto lililonse.

Kufooka kwa njirayi kuli pa furiji pomwepo. Nkhakazi sizinaphikidwe, botolo silinatsekedwe ndi moto, choncho moyo wake uli pa kuzizira. Magetsi akathima maola ochepa palibe chodetsa nkhawa, bola chitseko cha furiji chisamatsegulidwe; furiji yotseka imasunga kuzizira pafupifupi maola 4, ndipo viniga nayenso amateteza. Koma kumadera kumene magetsi amatha kusowa masiku, botololi mulimalize msanga. Palinso nkhani ya furiji yobwerekana. M'nyumba zimene mabanja anayi amagwiritsa ntchito furiji imodzi, botolo la lita limadya malo, ndipo likakhala losatseka bwino mkaka wa mnzako umanunkha adyo, mawa mwayambana. Apo ndi bwino kugawa m'mabotolo aang'ono awiri, aja a mayonezi otsuka bwino ndi madzi otentha. Ndipo izi si zopatsira wa basi pa Park Station kuti akasiye ku Lilongwe ayi. Ulendo wa masiku awiri m'kutentha kwa ku Tete si wa nkhaka za m'furiji.

Tsopano zosasitsa. Apa mulibe viniga: nkhaka, adyo ndi dill zimamizidwa m'madzi a mchere, magalamu 35 mpaka 50 pa lita imodzi, n'kusiyidwa panja pa furiji. Tizilombo tabwino timene tili kale pakhungu la nkhaka timadya shuga wa m'nkhakamo n'kutulutsa kuwawasa, monga mmene mkaka umasandukira chambiko. Patatha masiku angapo madzi amachita mbuu, tithovu n'kumakwera m'mbali mwa botolo, ndipo ukatsegula fungo lake limakuuza lokha kuti zinthu zikuyenda. Kunena chilungamo, pa kukoma njira iyi imaposa ya viniga. Kuwawasa kwake n'kofatsa, kolowa mpaka m'kati, ndipo adyo amamveka mokhwima osati mobaya.

Koma imafuna munthu wokhala pakhomo. Nkhaka iliyonse iyenera kukhala pansi pa madzi nthawi zonse, apo ayi yotulukirayo imachita nkhungu. Ambiri amatsendereza ndi kajumbo kodzaza madzi a mchere. Chivindikiro sichimangidwa kwambiri chifukwa mpweya umafuna potulukira. Kakhungu koyera kakabwera pamwamba kamafunika kukayengula tsiku ndi tsiku. Ndiye pali nyengo. Kusasa kumayenda bwino kukamatentha pakati pa madigiri 18 ndi 24. M'chipinda cha malata mu December kumaposa pamenepo, nkhaka zimasasa mothamanga n'kufewa, zina kuchita mphako m'kati. Mu June ndi July, ndi kuzizira kwa kuno kuja, botolo limangokhala duu masiku ambiri osaonetsa chizindikiro. Miyezi ya April ndi September ndiye yabwino kuyesera. Madzi a pampopi ali ndi mankhwala ophera tizilombo, choncho ena amagula a m'botolo kuti kusasa kusachedwe. Tsamba la mphesa, kapena tsamba la bay lija timathira m'nyama, limathandiza kuti nkhaka zisafewe. Ndipo pamapeto pake, zikasasa kufika pamene mukufuna, zimapitabe m'furiji momwemo kuti zisapitirire. Amene amati njira iyi ndi ya anthu opanda furiji sakunena zonse.

Mchere nawo uli ndi mbali yake, makamaka apa. Wa patebulo wosalala uja amauthira zoti usaumbike, ndipo zimenezo zimadetsa madzi. Wamiyalamiyala wopanda zosakaniza ndiye wabwino. Kungoti supuni ya wamiyala siilemera mofanana ndi supuni ya wosalala, n'chifukwa chake osasitsa enieni amayeza pa sikelo.

Yowiritsa mabotolo ndiikamba mwachidule chifukwa ambirife si yathu. Madzi ake ndi a viniga omwe aja, koma amathiridwa otentha m'mabotolo opangidwira ntchitoyi, monga a Consol okhala ndi zivindikiro zatsopano, kenako mabotolo otsekawo amamizidwa m'madzi owira. Akazizira chivindikiro chimalowa m'kati, ndipo botolo limakhala pashelefu miyezi yambiri osafuna magetsi. Iyi ndiye ya mayi amene akufuna kugulitsa, kapena kutumiza kumudzi. Mtengo wake ndi wakuti nkhaka zimaphikikako, sizilira pakamwa ngati za m'furiji, magetsi kapena gasi amapita wambiri, mabotolonso ndi ogula. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti Johannesburg ili pamtunda kwambiri, mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo kuno madzi amawira asanafike madigiri 100, cha m'ma 94 kapena 95. Choncho malangizo onena kuti botolo la theka la lita liwire mphindi 10 ndi a anthu a ku Durban ndi Cape Town. Kuno ndi mphindi 15, kuwerenga kuyambira pamene madzi abwata.

Chenjezo limodzi kwa ife okonda achali. Dzanja limayabwa kuti tithiremo mafuta ophikira pamwamba, poti ndi mmene tinazolowerera ndi mango. Musatero. Adyo wamuwisi akakhala m'mafuta mopanda mpweya, kunja kwa furiji, mumatha kumera tizilombo ta poizoni woopsa amene samveka fungo kapena kuoneka ndi maso. Chimene chimateteza nkhaka zathuzi ndi kuwawasa, ndipo mafuta sasakanikirana ndi viniga. Tsabola yekha ndiye thirani mmene mungafunire. Kambuzi mmodzi kapena awiri, ongong'amba pang'ono, amachita zodabwitsa m'botolo la dill. Fungo lake lija limagwirizana ndi adyo kuposa tsabola wobiriwira wa m'masitolo muno. Nthangala za mpiru ndi tsabola wakuda wosapera nazonso zimalowa bwino.

Nkhaka zikatha, madzi otsalawo musakhuthule m'sinki. Dulani anyezi mopyapyala, mumizeni momwemo, mawa lake mudyere nsomba yokazinga kapena tchipisi. Koma musaikemonso nkhaka zatsopano n'kumayembekezera mwezi wina, chifukwa zoyamba zija zinasiyamo madzi awo ndipo viniga wafooka. Botolo latsopano, viniga watsopano. Potola nkhaka gwiritsani foloko yoyera, ndipo ana muwauziretu kuti m'botolomo simupisidwa zala.